Mzere umene ndinaukhwatcha

Pepala lija ndikadali nalo. Ndi tsamba lothothola m'kope la ana asukulu, lolembedwa ndi bolopeni ya buluu, ndipo lili ndi mizere 23. Mzere wa 4 uli ndi chikhwatcho chofiira. Anakhwatchayo ndine.

Mu 2024 tinagwirizana pabanja kuti tigwetse nyumba yakale ya malemu bambo athu ku Bangwe, timangepo ina. Inali itang'aluka kumbuyo konse, ndipo chidutsireni namondwe wa Freddy mu March 2023, mayi sankaona tulo mitambo ikangoda. Mlongo wanga wa ku Johannesburg ankatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Ine ndinatenga ngongole kuntchito, ndiye mawu omaliza pa nkhani ya ndalama anali anga.

Mmisiri amene tinaitana anali bambo wachikulire, mnzawo wa bambo athu kuyambira kale. Tsiku loyamba anabwera ndi tepi ndi kope. Ine ndinkayembekeza kuti ayamba n'kuona pulani ya nyumba yatsopano, koma iwo anayamba kuyeza makoma a yakaleyo.

"Bambo, nanga yakugwayi mukuyezeranji?" ndinafunsa.

"Mwana wanga, nyumba ikagwa sisanduka mphepo ayi. Imakhala ili pomwepo, yangosintha kaimidwe."

Anandionetsa masamu ake. Makoma onse kuwalumikiza anali mamita 40 m'litali, mamita 2.5 kupita m'mwamba, ndi masentimita 23 kuchindikala. Kuchulukitsa zitatuzi, mupeza makyubiki mita 23. Khoma la njerwa limalemera pafupifupi matani 1.8 pa kyubiki mita iliyonse, ndiye zonse pamodzi zinali matani opitirira 40. Lole ya matani 7 iyenera kuyenda maulendo 6. Anawonjezera kuti khoma likagumuka limafufuma: zidutswa zimadya malo ambiri kuposa mmene khomalo linkadyera lili chilili, chifukwa pakati pake pamalowa mphepo.

Mitengo ankailemba kawiri, m'makwacha komanso m'matumba a simenti. Kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa lero sunkafika mwezi wamawa. Ndiye iwo ankati thumba la makilogalamu 50 ndi ndalama yosanama. Mzere wa 4 unkati: kuchotsa zogumula n'kukataya ku Mzedi, maulendo 6, matumba 20. M'mbali mwake analembamo njira ina ndi zilembo zing'onozing'ono. Popeza nyumbayo inamangidwa ndi dothi osati simenti, anyamata 4 akanatha kuiphwasula ndi manja kwa sabata imodzi, kupatula njerwa zamphumphu kuti tizigwiritsenso ntchito, zoswekazo n'kuzithira pansi pa silabu, kuti zokataya zitsale maulendo 2 okha.

Ndinakana zonse ziwiri. Yoyamba inali yodula, yachiwiri yochedwetsa, ndipo ine ndinkafuna denga likhale litakwera mvula isanayambe.

Ndisanadziweruze, lekani ndidziikire kumbuyo pang'ono, poti sindinali wopenga. Aliyense amene anamangitsapo nyumba kuno kwathu ali ndi nkhani ya simenti yotuluka usiku pa njinga, kapena ya misomali yolembedwa makilogalamu 20 pomwe yofunika ndi 12. Timaphunzira kuwerenga kotesheni ngati kalata ya mdani. Mzere uliwonse umene sukuumvetsa, umangoti apa ndiye pobera. Ndinali nditafunsanso amisiri ena awiri, ndipo m'mapepala awo munalibiretu mzere wa zinyalala. Kotesheni ya achikulirewa inali yokwera kuposa zonse, ndiye ndinaganiza kuti akundiona ngati mwana wam'tauni wosadziwa kanthu. Ndinakhwatcha mzerewo iwo akuona. Sanakangane nane. Anangoti, "Chabwino, koma matani aja simunawakhwatche."

Ndinapeza mnyamata wa lole pamsika. Anavomera kuchotsa zonse pa mtengo wa matumba 6 basi. Ndinamva kukoma ngati ndawina kenakake, mpaka ndinaimbira mlongo wanga kumuuza kuti ndapulumutsa matumba 14. Anyamata anagwetsa makoma ndi zingwe ndi mapiki tsiku limodzi, mawa lake lole inayamba kututa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona tsiku limenelo, ndipo ndinachikwirira msanga mumtima. Loleyo inkapita n'kubwerako m'mphindi 20. Aliyense wodziwa Blantyre akudziwa kuti sungachoke ku Bangwe ndi katundu wolemera, kukafika ku Mzedi, kutsitsa ndi mafosholo, n'kubwerera m'mphindi 20. Nthawi imeneyo n'kuti mafuta akusowa, magalimoto akugona pamizere. Ndalama imene ndinam'patsa sikanakwanira ngakhale dizilo wa maulendowo. Masamu amenewa ndinkawatha. Sindinafunse, chifukwa yankho lake likanandidyera matumba 14.

Mvula yamphamvu inagwa usiku wina mu January. M'mawa mayi anandiuza kuti kumunsi kwachitika ngozi, nyumba ya amayi ena ogulitsa zitumbuwa yagwa mbali imodzi. Tinapita kukazonda monga amachitira anansi. Madzi anali atasiya khwawa lake, n'kudutsa pabwalo pawo, n'kunyowetsa khoma la zidina mpaka linakhala pansi. Mwamwayi anawo anali atawasamutsira kuchipinda china madzi atayamba kulowa. Ufa, zofunda, makope a ana, zonse zinali m'matope.

Ndinatsetserekera kukhwawa kukaona chimene chinatseka njira ya madzi. Pakamwa pa kalavati panali mulu waukulu wa zidutswa za njerwa, utakola mapulasitiki, matewera ndi nthambi. Pamwamba pake ndinaona chibenthu cha pulasitala chopakidwa penti ya buluu wotuwa. Pentiyo ndinkaidziwa. Tinapaka ine ndi bambo m'chipinda chawo ndili fomu 2, ndipo anandikalipira chifukwa ndinadonthezera pawailesi yawo.

Ndinabwerera kunyumba osanena kanthu. Kwa masabata awiri ndinali loya wa ine mwini, ndipo ndikuuzeni, ndinali loya wabwino.

Mfundo yanga yoyamba inali yakuti sindinataye ndine. Ndinalipira munthu kuti akataye, ndipo kumene anasankha kutaya ndi mlandu wake. Mfundo imeneyi inkamveka bwino masana, koma usiku inkagwa. Ukagula foni pa mtengo wa mandasi, sunganene kuti sunadziwe kuti ndi yakuba. Mtengo umalankhula. Mnyamata uja analakwa ndithu, koma ine ndinagula kulakwa kwakeko. Chimene ndinalipira si ulendo wa ku Mzedi. Ndinalipira kuti muluwo uchoke pamaso panga, komanso kuti ndisadziwe kumene wapita. Zonse ziwiri anandipatsa mokwanira.

Yachiwiri inali yakuti aliyense amataya m'khwawa lomwelo. N'zoona. Mapulasitiki aja sanali athu, matewera aja sanali athu. M'madera ambiri ngati kwathu galimoto yotola zinyalala siifikako, ndipo anthu amataya kumene madzi angawanyamulire. Koma pulasitiki payokha madzi amaikokolola. Matani 40 a njerwa sakokoloka, amakhala n'kusanduka damu. Zinyalala za enawo zinakodwa pa chinthu chimene ndinaikapo ine. Komanso kunena kuti aliyense amatero sikuchepetsa gawo langa, kumangochulukitsa anthu amene ayenera kuchita manyazi.

Yachitatu ndiyo inali yamphamvu, ndipo mpaka lero sindinaigonjetse kwenikweni. Inkati: iwe si kampani, ndiwe munthu wa ngongole amene ukumangira mayi ako pogona. Matumba 14 kwa iwe ndi chipinda chathunthu chopaka pulasitala. Kodi chilungamo cha zinyalala si nkhani ya anthu okhuta, amene angakwanitse kulipira maulendo 6 osamva kuwawa? Bwanji wosauka azisenza mtolo umene mzinda wonse walephera kuusenza?

Funso limeneli ndi lenileni, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Koma nditaliyang'anitsitsa ndinaona pamene labisa chinyengo. Limayerekeza ngati nkhani ili pakati pa ine wosauka ndi boma, kapena ine ndi chinthu chosaoneka chotchedwa chilengedwe. Pomwe nkhani inali pakati pa ine, womanga nyumba ya simenti ndi malata atsopano, ndi mayi wokhala m'nyumba ya zidina m'mphepete mwa khwawa. Matumba 14 aja sanasowe. Analipiridwa, kungoti analipira ndi munthu wosauka kuposa ine, amene sanafunsidwe, ndipo analipira ndi khoma lake. Zinyalala zimayenda ngati madzi, zimatsetsereka. Sizikwera phiri kupita kwa olemera. Wokhala kumunsi ndi amene amalandira, ndipo amakhala kumunsiko chifukwa ndi kumene malo ndi otchipa.

Apa m'pamene ndinayamba kuliona mosiyana pepala lija. Kale ndinkaganiza kuti kuwerengera mtengo wa nyumba ndi masamu chabe: njerwa zingati, simenti ingati, konkire ya muyezo wa 1:2:4 idya mchenga ndi miyala yochuluka bwanji, kuwonjezerapo 5 kapena 10 peresenti ya zosweka ndi zodulidwa. Pa ntchito zazikulu pamakhala katswiri wake wotchedwa quantity surveyor, maphunziro amene ku MUBAS amaphunzitsa, ndipo iye amalemba bill of quantities, chikalata chotchula chinthu chilichonse ndi muyezo wake ndi mtengo wake. M'chikalata chotero kuchotsa dothi lokumbidwa ndi zogumula kumakhala ndi mzere wakewake. Ophunzira analemba kale zimene mmisiri wathu anazidziwa ndi manja.

Koma pepala lotere si masamu okha. Ndi mndandanda wa anthu amene wavomera kuti ali nawe ngongole. Wogulitsa simenti alimo, ndiye alipidwa. Kalipentala alimo. Wotunga madzi alimo. Amene sali papepala nawonso amakhudzidwa ndi nyumba yako, kungoti iwo salandira kanthu, amapereka. Ndikakhwatcha mzere sindichepetsa mtengo wa nyumba. Ndimangosintha dzina la wolipira.

Mukayamba kuganiza motere, mndandanda wa osalembedwa umatalika mochititsa mantha. Njerwa zowotcha zimene timakonda zimasiya dzenje pamene anaumbira, ndipo dzinja likafika dzenjelo limadzaza madzi, kuswa udzudzu, n'kukhala msampha wa ana. Uvuni umadya mitengo, ndipo phiri likameteka madzi amatsika ndi liwiro limene agogo athu sankalidziwa. N'chifukwa chake mu 2018 panatuluka malamulo a bungwe la National Construction Industry Council oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Mchenga umene lole imatitsitsira pageti unakumbidwa mumtsinje winawake, ndipo gombe la mtsinjewo ndi munda wa munthu. Pa mtengo wa njerwa imodzi palibe tambala ya mwini mundayo.

Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 lili ndi mfundo yakuti wowononga ndiye alipire. Ku Britain anaika msonkho pa zinyalala zopita kumtaya mu 1996, ndipo kutaya kutadula, omanga anapeza chifukwa chophwanyira konkire yakale kuti igwirenso ntchito. Nzeru yake ndi yomwe ija: kukakamiza mtengo wobisika kuti ubwerere papepala. Koma lamulo silinali nane ku Bangwe tsiku lija. Panalibe wa khonsolo, panalibe wapolisi. Panali ine, bolopeni yofiira, ndi mkulu wina amene anandiuza zoona. Nthawi zambiri chilungamo chimagamulidwa m'malo otero, momwe palibe wokuona ndipo wolakwiridwayo sunakumane naye n'komwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene ndinam'chitira mkuluyo. Mwa amisiri atatu, iye yekha ndi amene analemba mtengo wonse, ndipo chifukwa cha chimenecho ndi iye amene ndinamukayikira kuti ndi wakuba. Awiri enawo sananame mawu, anangosiya mzere. Tikamasankha kotesheni yotsika nthawi zonse osafunsa chimene chasiyidwa, timaphunzitsa amisiri kuti kunena zoona kumaluzitsa ntchito. Kenako timadandaula kuti amisiri a masiku ano ndi achinyengo. Ena mwa iwo tinawaumba ndife.

Ku Sande sukulu tinaphunzira fanizo la mu Luka 14, la munthu wofuna kumanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera ngati adzaimaliza, kuopa kusekedwa. Ine ndinkalimva ngati langizo loti ndisachite manyazi ndi nyumba yothera pawindo. Manyazi amenewo timawadziwa tonse, ndipo timawaopa kwambiri. Koma pali manyazi ena amene sitiwaopa mokwanira: nyumba yomalizidwa bwinobwino, ya penti yowala, imene gawo la mtengo wake linalipiridwa ndi anthu osaitanidwa ku phwando lotsegulira. Yoyamba anthu amaiseka. Yachiwiri amaiyamikira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndinalira mvula, matopewo n'kutumiza kwa ena.

Sabata yachitatu ndinapita kwa amayi aja. Ndinawapeza akukazinga zitumbuwa panja, mbali yogwayo atatchinga ndi pepala la pulasitiki lakuda. Ndinakhala pa njerwa, ndinapereka moni, kenaka mawu anandithawa. Potsiriza ndinangoti, "Mayi, zimene zinatseka madzi zija zinachokera kwathu."

Sanasiye kutembenuza zitumbuwa. "Tikudziwa, achimwene. Ana anaiona loleyo tsiku lomwelo. Anaitsatira mpaka pageti panu."

"Nanga bwanji simunabwere kudzanena?"

"Tikanena kwa ndani? Inu ndi anthu omanga. Ife timangoona ngati mubwera."

Miyezi inayi yonse, pamene ine ndinkaganiza kuti nkhaniyi ndi chinsinsi cha pakati pa ine ndi mtima wanga, mudzi wonse wakumunsi unkadziwa. Ankandipatsa moni panjira akudziwa. Ndinapita kukawazonda m'mawa uja, n'kunena kuti pepani ndi ngoziyi, iwo akudziwa. Kusadziwa kumene ndinagula kuja kunali kwa ine ndekha.

Tinakhala pansi ndi amfumu a m'deralo. Funso linali lakuti ndilipire zingati, ndipo apa masamu anakanika. Ndani angayeze kuti pa kugwa kwa khomalo, gawo la njerwa zanga ndi lotani, la mapulasitiki a ena ndi lotani, la mvula ndi lotani, la kufooka kwa zidinazo ndi lotani? Loya uja wa mumtima mwanga anadzukanso, akufuna tiwerenge maperesenti. Koma ndinazindikira kuti nthawi yowerengera mwachilungamo inali September, pamene mtengo unali wodziwika, matumba 20, ndipo ndinaukana. Amene wakana kuwerengera zinthu zisanachitike alibe ufulu woumirira masamu olondola zitachitika. Ndinavomera kuchotsa muluwo ndi kumanganso khomalo.

Anagwira ntchitoyo ndi mmisiri wathu yemwe uja. Sananene kuti ndinakuuza. Anatenga anyamata, anavuula njerwa m'khwawa, n'kuyamba kupatula monga analembera m'mbali mwa pepala muja. Zamphumphu zinapezeka zambiri ndithu, chifukwa dothi siligwira njerwa ngati simenti, limangosasuka. Khoma latsopano la amayi aja lamangidwa ndi njerwa za nyumba ya bambo anga. Zoswekazo anathira m'maenje a msewu wotsikira kumsika atagwirizana ndi amfumu. Zimene zinapitadi ku Mzedi zinali ulendo umodzi ndi theka, ndipo ulendo uno ndinakwera nawo loleyo. Zonse pamodzi zinandidyera matumba 31, osawerengera 6 aja.

Tili pantchitoyo, mkuluyo ananyamula njerwa imodzi, naipukuta ndi chikhatho. "Bambo ako anamanga nyumba yoti ikatopa iphwasulidwe," anatero. "Yakoyi, ya simenti ndi mawaya, adzaigwetsa ndi misozi."

Mawu amenewo sanandichoke. Konkire imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene omanga amawerengera, koma ikauma sibwereranso kukhala mchenga ndi miyala. Nyumba imene ndamanga idzagwetsedwa tsiku lina, kaya ndi mdzukulu wanga kaya ndi mlendo amene adzagule malowo, ndipo matani ake adzakhala ochuluka ndi ouma kuposa a bambo. Munthu ameneyo sanabadwe, koma ndamulembera kale mzere wa 4. Sindikunena kuti tisiye kumanga ndi simenti. Mayi tsopano amagona mvula ikugwa, ndipo chimenecho sindingachisinthanitse ndi chilichonse. Ndikungonena kuti aliyense womanga amakongola kwa anthu atatu: amene anamukumbira, amene ali kumunsi kwake, ndi amene adzagwetse. Sitingawalipire onse mokwanira. Koma kulephera kulipira ndi kukana kuti ngongole ilipo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ambiri a inu amene mukuwerenga pano muli pa msinkhu wogula kapuloti, kapena wotumiza ndalama kumudzi kuti akuumbireni njerwa. Sindikupatsani ulaliki, ndilibe nkhope yake. Ndingokupemphani kuti kotesheni ikabwera, musangoyang'ana nambala yapansi. Funsani kuti dothi la m'maziko lipita kuti, zodulidwa ndi zosweka zipita kuti, dzenje la njerwa adzakwirira ndani. Wa lole akakutchulirani mtengo wokoma kwambiri, m'funseni kumene akukataya, ndipo muwerenge mphindi. Mwina mudzapezabe kuti simungakwanitse zonse. Koma mudzasankha mukuona, ndipo mwina mudzapeza, monga ndinapezera ine mochedwa, kuti njira yachilungamo inali italembedwa kale m'mbali mwa pepala, yotchipa kuposa imene munatenga.

Nyumba ya mayi inatha, kupatula chipinda chimodzi chakumbuyo. Chilibe pulasitala mpaka lero, chifukwa simenti yake ndi imene inapita kumunsi. Alendo akafunsa, mayi amati ndalama zinatithera, ndipo sanama. Ine ndikapita ku Bangwe ndimagona m'chipinda chimenecho. Madzi m'khwawa muja akuyenda m'njira yake. Amayi a zitumbuwa timapatsana moni, ndipo ndikagula amandiikira chimodzi chapamwamba monga amachitira ndi wina aliyense.